MADAMU A DOTHI ACEPETSA UKALI WA CIGUMULA

Anthu a mu Lusaka sanaiwale caka ca 1978, pamene madzi a mvula anagwetsa nyumba zambiri mu komboni ya Kanyama. Mzindawu uli pa malo athyathyathya, ndipo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi. Motero mvula ikagwa yamphamvu, madzi asowa kolowera.

Pakati pa 2013 ndi 2018, Boma, mothandizidwa ndi dziko la America, linamanga ngalande ya Bombay, imene itenga madzi a pakati pa mzinda kupita nawo ku mtsinje wa Ngwerere. Koma ngalande ingothamangitsa madzi, ndipo owalandira ndi alimi a kunsi.

Apa mpamene damu laling'ono la dothi lithandiza. Likamangidwa pa kamtsinje, ligwira madzi a mvula ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono, kotero kuti madimba ndi milatho sizikokoloka. M'cilimwe madzi omwewo amwetsa ng'ombe ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Cilala ca 2024 cinaonetsa kufunika kwace.

Komabe damu lodzala matope silisunga madzi, ndipo cipupa cofooka ndi ngozi. Mu December 2020 damu la Kandesha linagumuka ndi kumiza nyumba ku Mumbwa.

Conco mafumu ndi anthu awo acotse mitengo ndi ciswe pa cipupa, abzalepo kapinga, aleke kulima m'mphepete mwa damu, ndiponso alambule njira yotayira madzi mvula isanayambe. Ofuna kumanga damu ayambe apempha cilolezo ku bungwe la WARMA.