Dzino lobooka likhoza kupulumuka osazula

Munthu amene wachezera usiku wonse ndi dzino, tsaya lili tupi, akafika kuchipatala mawu ake amakhala amodzi: "Adokotala, ingochotsani." Ambiri amachotsadi, n'kubwerera kunyumba ataluma thonje, mtima uli m'malo. Chomwe sauzidwa kawirikawiri n'chakuti mano ena ozulidwawo akanatha kukhalabe m'kamwa zaka zambiri, akanalandira chithandizo chotsuka mizu chomwe madokotala amachitcha root canal.

Dzino limaoneka ngati fupa louma, koma m'kati mwake muli kamphako momwe mumakhala mnofu wofewa, mitsempha ya magazi ndi minyewa yomvera ululu. Kamphakoko kamatsika ndi timipata topapatiza mpaka kunsonga kwa muzu. Dzino lakutsogolo limakhala ndi kampata kamodzi nthawi zambiri, pamene lotafunira limakhala ndi titatu kapena tinayi. Dzino likabooka kwambiri, kapena kusweka pa ngozi, mabakiteriya amalowa n'kuyamba kuwononga mnofu uja. Mulibe mbozi m'menemo monga ena amanenera.

Pali nthawi ina yonyenga. Dzino limapweteka masiku angapo kenako n'kungoti zii, mwini wake n'kumati lapola. Nthawi zambiri apo ndiye kuti minyewa yafa, ndipo mabakiteriya akupitiriza ulendo wotsikira ku fupa la nsagwada komwe amapanga mafinya. Makapisozi ogula pagolosale amangochepetsa kutupa kwa kanthawi, chifukwa m'dzino lakufa simuyendanso magazi oti n'kufikitsamo mankhwala. Kufinyira asipulini pabowo nako kumangowotcha usinini.

Tsiku la chithandizo, dokotala amayamba wajambula ekisireyi kuti aone kutalika ndi kupindika kwa mizu. Kenako amabaya jakisoni wa dzanzi, yemweyo amene amabaya pozula. Apa mpomwe mantha a anthu ambiri agona, koma dzanzi likagwira bwino chomwe munthu amamva ndi kukankha ndi phokoso la makina basi. Dzino lotupa kwambiri nthawi zina limavuta kugwira dzanzi, choncho ukamva kuwawa kweza dzanja akuwonjezere mankhwala. Kupirira mwakachetechete pampando umenewu si ulemu.

Madokotala ambiri amavundikira m'kamwa ndi kansalu ka labala, dzino lodwalalo lokha n'kutulukira, kuti malovu asalowemo komanso kuti wodwala asameze kachipangizo. Akaboola pamwamba, amalowetsa tizitsulo tosongoka ngati singano, toyamba tating'ono kenako tokulirapo, kupala mpata uliwonse mpaka kunsonga. Pakatipakati amatsukamo ndi mankhwala opha mabakiteriya. Ntchito imeneyi ndi yodekha ndipo ulendo umodzi ukhoza kutenga ola kapena kupitirira. Chotopetsa chenicheni ndi kuyasama nthawi yonseyo.

Ngati munali mafinya, dokotala amasiyamo mankhwala, kumata mongoyembekezera, n'kukuuza tsiku lobweranso. Mipata ikayera ndi kuuma amaidzaza ndi gutta-percha, utomoni wochokera ku mitengo ya ku Malaysia ndi maiko oyandikana nawo, womwe madokotala a mano akhala akuugwiritsa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1800.

Dzanzi likatha, dzino limamva kuwawa ukaluma kwa masiku ochepa, ndipo panado kapena bulufeni amakwanira kwa anthu ambiri, bola dokotala adziwe ngati uli ndi zilonda za m'mimba kapena uli woyembekezera. Usadye mlomo ukadali wadzanzi, ungadzilume tsaya osadziwa. Chimanga chokazinga, mtedza ndi nzimbe zidikire kaye. Kutupa kukamakula, thupi n'kutentha, kapena kumeza ndi kupuma kukayamba kuvuta, thamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pomaliza. Ululu ukatha, ulendo wotsatira amauiwala, ndalama n'kupita kwina. Chomata choyembekezera chija chimagumuka, malovu n'kulowetsanso mabakiteriya, ntchito yonse n'kupita pachabe. Komanso dzino lobooledwa chonchi limakhala lofooka, makamaka lotafunira, n'chifukwa chake limafunika kumatidwa kolimba kapena kuvekedwa chisoti, chomwe amati crown. Likang'ambika mpaka kumuzu, palibenso chochita koma kuzula komwe unkathawa kuja. Bungwe la zaumoyo la ku Britain, NHS, limati mwa mano 10 othandizidwa motere, pafupifupi 9 amakhalabe m'kamwa zaka 8 mpaka 10.

Kuno kwathu ku Malawi vuto lalikulu ndi kupeza wochita ntchitoyi. Madokotala a mano ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. M'zipatala zomwe si zaboma mtengo wotsuka mizu umaposa wozula kutalitali, ndipo chisoti chimalipiridwa pachokha. Kwa banja lomwe likusaka ya ufa, kuzula kumakhala chisankho chomveka, ndipo si dzino lililonse lomwe lingapulumuke.

Komabe dzino lozulidwa silimeranso, ndipo oyandikana nalo amayamba kupendekera pagwerupo. Choncho musanavomere kuzula, funsani ngati dzinolo lingatheke kutsuka mizu, maulendo angati, ndi ndalama zingati zonse pamodzi ndi chisoti chomwe.