Chinangwa chachikasu: zimene mbewu imapereka ndi zimene dzuwa limalanda

Chinangwa chimene tachizolowera, monga Manyokola, n'choyera mkati. Chimakhutitsa ndipo chimapirira chilala, koma vitamini A mulibe. Mwana amene akusowa vitaminiyu amavutika kuona kukayamba kuda, ndipo chikuku kapena matenda otsekula m'mimba akamugwira amamufooketsa msanga. Kumene chinangwa chimadyedwa m'mawa ndi madzulo, nkhaniyi si yaing'ono.

N'chifukwa chake akatswiri a ku IITA mumzinda wa Ibadan ndi a ku malo ofufuzira mbewu za mizu ku Umudike, konseko ndi ku Nigeria, anagwirizana ndi bungwe la HarvestPlus kuti apeze chinangwa chachikasu. Mtundu wachikasuwo umachokera ku beta-carotene, chinthu chomwe chimapezekanso m'maungu ndi m'mango akupsa, ndipo thupi limachisandutsa vitamini A. Chinangwa chotere sichinapangidwe mu labotale. Ku South America, kwawo kwenikweni kwa mbewuyi, alimi anali nacho kale.

Ntchito ya akatswiri inali kukwatitsa mbewu. Amatenga mungu wa duwa la chinangwa chachikasu n'kuuika pa duwa la china chobereka kwambiri kapena chopirira matenda. Njere zikakhwima amazidzala, ndipo mtengo uliwonse womera umasiyana ndi unzake, ngati ana a mayi mmodzi. Amadikira pafupifupi chaka, amakumba, amadula mizu, amasankha yabwino yochepa, kenako amayambiranso. Mu 2011 dziko la Nigeria linatulutsa mitundu itatu yoyamba, ndipo ina itatu yokhala ndi beta-carotene wochulukirapo inatuluka mu 2014. Ubwino wake ndi wakuti chinangwa timadzala mitengo osati njere, choncho mlimi akapatsidwa kamodzi safunika kugulanso chaka ndi chaka.

Vuto lina linawavutitsa kwambiri. M'mitundu ya ku Africa, chinangwa chikamakhala chachikasu kwambiri chimakondanso kukhala chamadzimadzi, chopereka ufa wochepa. Ife sitingamudzudzule mayi amene angachikane pa chifukwa chimenechi: vitamini saoneka ndi maso, koma kuchepa kwa ufa m'lichero kumaoneka tsiku lomwelo.

Nanga munda umasintha chiyani? Kuchuluka kwa beta-carotene kumatsatira kwambiri mtundu wa mbewu, moti manyowa sangasandutse Manyokola kukhala wachikasu. Komabe mtundu umodzimodzi ukadzalidwa m'madera osiyana nthaka ndi mvula, kapena ukakumbidwa pa miyezi yosiyana, mlingo wake umakwera kapena kutsika. Ophunzira a Agriculture adzakumbukira kuti mvula yoyamba ikagwa, mtengo umatapa chakudya m'mizu kuti uphukire masamba atsopano, ndipo muzu umachuluka madzi. N'chifukwa chake mtundu watsopano amauyesa m'madera angapo kwa zaka zingapo asanaupereke kwa alimi.

Chilala chimachita china choopsa. Chinangwa chili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa cyanide, ndipo nthaka ikauma poizoniyu amachuluka, makamaka m'chinangwa chowawa. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula kumpoto kwa Mozambique, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo m'chaka cha chilala chifukwa njala inawakakamiza kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Mtundu wachikasu suchotsa ngozi imeneyi. Chowawa chiyenera kusendedwa ndi kuviikidwa masiku okwanira, kaya n'choyera kaya n'chachikasu.

Makolo, apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo. Beta-carotene amawonongeka ndi kuwala, kutentha ndi mpweya. Chinangwa chowiritsa chimasunga gawo lalikulu, koma choyanika padzuwa masiku angapo chimataya wambiri, ndipo ufa ukakhalitsa m'thumba umapitiriza kutaya. Ufa wa kondowole wa ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay umadutsa njira yomweyi: kuviika, kuyanika, kusinja. Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumapulumutsako, ngakhale kumachedwa. Futali ndiye ali bwino, chifukwa amaphikidwa ndi mizu yaiwisi, ndipo mafuta a mu nsinjiro amathandiza thupi kuyamwa beta-carotene. Izi n'chimodzimodzi ndi mbatata yofiira mkati monga Zondeni, yomwe alimi a kuno akulima kale.