Tizirombo tosinthasintha m'matumbo mwa ana: poliyo wa mu Lilongwe ndi makanda a m'chikuta

Pa 17 Febuluwale 2022 Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti mwana wa zaka zitatu wa mu Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Mwanayo adayamba kufooka ziwalo mu Novembala 2021. Poliyo wa mtundu umenewu adaoneka komaliza m'dziko muno mu 1992, ndipo mu Ogasiti 2020 bungwe la WHO lidali litalengeza kuti watha mu Africa monse. Nanga adachokera kuti?

Yankho lidapezeka m'chimbudzi cha mwanayo, chomwe chidayezedwa ku NICD ku Johannesburg ndi ku CDC ku Atlanta. Kachirombo ka poliyo ndi ka m'banja la enterovirus, tizirombo toswana m'matumbo, totuluka ndi chimbudzi n'kulowa mwa wina kudzera m'kamwa. Tikamaswana timaphonya pang'ono pokopera malangizo a chibadwa chake, motero timasintha: pa gawo lomwe akatswiri amayeza, pafupifupi chilembo chimodzi pa 100 chimasintha pachaka. Akawerenga zilembozi amadziwa mbumba ya kachiromboko. Ka ku Lilongwe kadafanana ndi kamene kankafala m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Chaka chomwecho kadapezekanso mwa ana asanu ndi atatu ku Tete, m'dziko la Mozambique, ndipo mliriwo adaulengeza kuti watha mu Meyi 2024, katemera wa khomo ndi khomo ataperekedwa maulendo angapo.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti ambiri otenga kachiromboka sadwala. Pa anthu pafupifupi 200 otenga poliyo, mmodzi yekha ndiye amapuwala. Mwana mmodzi wopuwala ndiye kuti ena ambiri akukafalitsa akusewera bwinobwino. Pamene mabanja angapo a lendi amagwiritsa chimbudzi chimodzi, madzi n'kukhala ogula pakiyosiki, monga zilili m'madera ena a Mgona, Chinsapo ndi Area 23, njira yochoka kuthewera kufika kukamwa ndi yaifupi kwambiri.

Poliyo ali ndi abale oposa 100, monga echovirus ndi coxsackievirus, ndipo palibe katemera wawo m'ndondomeko yathu. Mwana wamkulu akawatenga nthawi zambiri sadwala kwambiri. Khanda la masabata awiri oyamba ndi nkhani ina. Kachirombo kamatha kugwira chiwindi, mtima kapena ubongo, makamaka ngati mayi adadwala atatsala pang'ono kuchira, thupi lake lisadapange chitetezo chopatsira mwana. Ku France, pakati pa Julayi 2022 ndi Epulo 2023, makanda asanu ndi anayi adadwala kwambiri ndi echovirus 11, ndipo asanu ndi awiri adamwalira. Kachiromboko kadali kosinthika, katasinthana zidutswa za chibadwa ndi kanzake. Zimenezi zimachitika tizirombo tiwiri tikakumana m'matumbo amodzi.

Ife pakhomo la munthu sitingasiyanitse matendawa ndi a mabakiteriya, ndipo tisayese dala. Khanda losiya kuyamwa, logona mopitirira osagwedezeka, lopuma mothamanga, lokomoka, lachikasu mpaka m'zikhatho, lotentha kufika 37.5 kapena lozizira pansi pa 35.5, lipite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Bwaila, kumene angalitumize ku Kamuzu Central. Nthawi zina agogo amati mwana walira usiku wonse, timumwetse kamtsitsi kapena mankhwala ogula pamsika kuti agone. Akanizeni mwaulemu. Khanda likangoti zii sindiye kuti lachira.

Mukamayendera mayi wa m'chikuta, musamangoona mchombo. Funsani ngati iye kapena ana ena m'nyumbamo atentha thupi, atsekula m'mimba kapena atuluka tizilonda m'kamwa. Obwera kudzaona mwana asambe m'manja ndi sopo asadamunyamule, ndipo wodwala adikire kaye. Sanitaiza amene tidazolowera nthawi ya Covid-19 sagwira bwino pa tizirombo timeneti. Sopo ndi madzi othira ndiye eni ntchito, makamaka mukasintha thewera. Onaninso m'buku la kuchipatala ngati mwana adalandira madontho a poliyo atangobadwa, pasadathe masiku 14, ndipo kumbutsani za masabata 6, 10 ndi 14.

Mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono wake walefuka mwadzidzidzi, nenani kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale abale anene kuti ndi jakisoni kapena zam'mudzi. Pamafunika chimbudzi chake kawiri, motalikitsa maola 24, pasadathe masiku 14 chiyambireni kufooka, ndipo chiyende m'bokosi lozizira mpaka chikafike koyezera.