Mbiri ya pa foni ikusankhira alimi zogula ku Kadoma ndi Chegutu

Kale mlimi wa ku Chegutu akafuna mbewu ya chimanga ankayamba wafunsa mnansi wake, yemwe munda wake adauona ndi maso. Lero funso lomwelo amaliponya pa gulu la WhatsApp, ndipo oyankha amakhala ambiri, ena osawadziwa n'komwe.

Matauni a Kadoma ndi Chegutu ali m'chigawo cha Mashonaland West, pamsewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Derali n'lodziwika ndi ulimi wa thonje ndi chimanga komanso migodi ya golide monga Cam and Motor, ndipo muli mabanja ambiri omwe makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Chiyambireni njira yotumizira ndalama ya EcoCash mu 2011, malonda atha kutheratu pa foni: munthu wamva, wakhulupirira, walipira, katunduyo asanamuone.

Mphamvu ya mbiri yotereyi idaoneka poyera mu September 2017, pomwe mauthenga adawanda m'mafoni akuti zinthu zofunika pakhomo zisowa m'Zimbabwe. Anthu omwe adaona masitolo opanda kanthu mu 2008 sadadikire umboni. Adakhamukira kukagula mafuta ophikira ndi zina mopitirira muyeso, mitengo n'kukwera. Vuto la kuchepa kwa ndalama zakunja lidalipodi, koma kugula kwa mantha kudafulumizitsa kusowa komwe anthuwo ankaopa. Boma lidaloza chala masamba a mchezo, ndipo mwezi wotsatira lidakhazikitsa unduna woona za chitetezo cha pa intaneti.

Kwa mlimi, chiopsezo chachikulu chili pa zipangizo zaulimi. Anthu achinyengo amapaka utoto chimanga wamba n'kuchiika m'mapaketi ofanana ndi a makampani odziwika. Mbewu yotere ikayamikiridwa pa gulu, kaya ndi wogulitsa yemweyo kaya ndi mnzake, mawuwo amamveka ngati a mnansi. Choonadi chimadzaoneka m'munda nyengo yobzala itadutsa, banja n'kutaya chakudya cha chaka chonse.

Komabe magulu omwewa ali ndi phindu lake. Amathandiza alimi kuyerekeza mitengo ya feteleza asanawononge ndalama ya ulendo, komanso kuchenjezana za ogulitsa osakhulupirika.

Choncho ogwira ntchito zachitukuko asalimbane ndi foni. Aphunzitse alimi kufunsa mafunso atatu. Uthengawu wayamba ndi yani? Iyeyo adabzala yekha mbewuyi, ndipo munda wake uli kuti? Nanga apindula chiyani anthu akagula? Mlangizi wa zaulimi akhale nawo pa gulu lililonse la alimi, ndipo mbewu igulidwe kwa ogulitsa ovomerezeka okha, omwe amapereka lisiti. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudikira tsiku limodzi kuti utsimikize uthenga sikungachedwetse ulimi, koma mbewu yabodza ikalowa m'nthaka, chaka chapita.