Kutsegula m'mimba kukapitirira mwezi, kayezetseni

Kutsegula m'mimba kwa masiku awiri kapena atatu n'kodziwika pakhomo lililonse, makamaka m'nyengo ya dzinja. Koma pali anthu ena amene vutoli limawakanirira kwa milungu ngakhale miyezi, mpaka kumajomba kuntchito, kuopa kukwera basi pa ulendo wautali komanso kupewa kudya pagulu.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organisation limati munthu watsegula m'mimba akachita chimbudzi chamadzimadzi katatu kapena kuposera apo pa tsiku. Vutoli likapitirira milungu inayi, madokotala amaliika m'gulu la matenda a mgonagona, ndipo limakhala chizindikiro cha nthenda ina imene iyenera kufufuzidwa.

Zoyambitsa zake n'zambiri. Tizilombo ta giardia, topezeka m'madzi osatetezedwa, timatha kukhala m'matumbo nthawi yaitali. Kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV, kutsegula m'mimba kopitirira mwezi popanda chifukwa chodziwika ndi chimodzi mwa zizindikiro zoti chitetezo cha m'thupi chatsika. Chifuwa chachikulu nacho chimatha kugwira matumbo.

Ena thupi lawo siligaya shuga wa mumkaka, kotero amatsegula m'mimba akangomwa mkaka. Mankhwala ena, monga metformin amene amamwa odwala matenda a shuga, amabweretsanso vutoli, koma si bwino kuwasiya osaonana ndi dokotala.

Palinso matenda otupitsa matumbo ndi kuyambitsa zilonda, monga ulcerative colitis ndi Crohn. Matenda a Crohn adafotokozedwa ndi Dr Burrill Crohn ndi anzake a mumzinda wa New York mu 1932. Matendawa amazilala n'kuyambiranso, ndipo mankhwala amangowachepetsa mphamvu.

Poti zoyambitsa n'zosiyana chonchi, chizolowezi chongogula Flagyl kapena Bactrim nthawi iliyonse m'mimba mukavuta n'choopsa. Mankhwalawa amaphanso tizilombo tothandiza m'matumbo, amachititsa kuti tizilombo toyambitsa matenda tisiye kumva mankhwala, komanso amachedwetsa kupeza nthenda yeniyeni. Kuchipatala amayamba ndi kuyeza chimbudzi ndi magazi, ndipo pakafunika amatumiza wodwala kuchipatala chachikulu kuti akamuunike m'matumbo.

Wodwala akamadikira zotsatira kapena akakhala pamankhwala, chofunika kwambiri ndi kubwezeretsa madzi ndi mchere zimene thupi likutaya. Paketi imodzi ya Thanzi ORS imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Thanzi akasowa, masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi zimathandiza. Mwana apitirize kuyamwa ndipo apatsidwe zinc kwa masiku 10 mpaka 14.

Kusala chakudya pofuna kupumitsa m'mimba kumangofooketsa thupi. Ndi bwino kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi zakudya monga phala, mpunga, nthochi zakupsa ndi mbatata yophika. Zokazinga, tsabola, khofi, mowa ndi zakumwa zotsekemera kwambiri zimakolezera vutoli mwa anthu ambiri. Kulemba m'kope zimene munthu wadya ndi nthawi zimene wapita kuchimbudzi kumathandiza dokotala kupeza gwero la vutolo.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti mwezi ukwane: magazi m'chimbudzi, kutentha thupi, kuonda mosadziwika bwino, kusanza kosalekeza, kulowa kwa maso ndi kuchepa kwa mkodzo. Wachikulire amene chimbudzi chake chasintha kwa milungu ingapo afulumire kukayezetsa, chifukwa khansa ya m'matumbo imathanso kuyamba motere.

Ambiri amabisa vutoli chifukwa cha manyazi, mpaka kufika kuchipatala atafookeratu. Kumuuza dokotala mosabisa kuti vuto lidayamba liti, chimbudzi chikuoneka bwanji ndiponso mankhwala amene amwedwa kale, kumafupikitsa njira yopezera chithandizo choyenera.