Ndawala yokumbukira omwalira ndi chotupa cha mu ubongo

M'mayiko ngati Britain, banja lomwe lataya m'bale wake ndi chotupa cha mu ubongo limakonza ulendo wa ndawala womukumbukira, ndipo ndalama zomwe latolera limazipereka ku kafukufuku wa nthendayi. Kuno ku Blantyre, nkhawa yoyamba ndi yakuti nthendayi izindikirike msanga.

Munthu wa ku Kanjedza amene mutu ukumuwawa kosalekeza, akusanza m'mamawa, akugwa ngati wakhunyu kapena akuona mwachimbuuzi, amayambira pachipatala chaching'ono cha Limbe asanatumizidwe ku Gulupu. Chotupacho chimaoneka pokhapokha mutu ukajambulidwa ndi makina a CT kapena MRI. Makina a MRI anafika ku Gulupu mu 2008, makamaka pofuna kufufuza za malungo a mu ubongo.

Si chotupa chilichonse chomwe ndi khansa, komabe chikamakula chimapanikiza ubongo poti chigaza sichitanuka.

Chithandizo cha radiotherapy, chowotcha chotupa ndi makina, chinkapezeka kunja kokha kufikira mu 2024 pomwe chipatala cha International Blantyre Cancer Centre chinatsegulidwa ku Nyambadwe. Anachiyambitsa ndi a Thomson Mpinganjira, omwe akazi awo, a Barbara, anamwalira ndi khansa mu 2019.