Injini ya Boti: Kodi Yaikulu Ndiye Yamphamvu?

Anzanga, amene munafikapo kudooko la asodzi ku Nyanja ya Malawi munaona kuti mainjini omangirira kumbuyo kwa boti amalembedwa manambala: 15, 25 kapena 40. Manambalawa ndi horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini. Horsepower imodzi ndi mawati pafupifupi 746, omwe aja a mu Fizikisi.

Nanga mphamvuyi imachokera kuti? Mkati mwa injini muli silinda, m'silindamo muli pisitoni. Petulo wosakanikirana ndi mpweya akalowa, pulagi imathetheka moto, petuloyo amayaka mwamphamvu n'kukankha pisitoni. Kukankhako n'kumene kumazungulitsa puropela m'madzi. Silinda ikakhala yaikulu imalandira petulo ndi mpweya wochuluka, ndiye imakankhanso kwambiri. Kukulaku amakuyeza mu cc. Mwachitsanzo, Yamaha Enduro ya 15 ili ndi 246 cc, pomwe E40X, ya 40, ili ndi 703 cc.

Komatu kukula pakokha si nkhani yonse. Yamaha ya 9.9 ndi ya 15, za two-stroke, zonse zili ndi 246 cc. Zikusiyana pati? Ya 15 anaikonza kuti izimeza mpweya ndi petulo wambiri pa mphindi iliyonse. Choncho chimene chimapereka mphamvu ndi kuchuluka kwa petulo amene injini ikuwotcha bwino pa mphindi.

Kapangidwe nakonso n'kofunika. Two-stroke imayatsa petulo nthawi iliyonse injini ikazungulira kamodzi, pomwe four-stroke imayatsa kamodzi pa maulendo awiri. N'chifukwa chake two-stroke imakhala yopepuka koma yanyonga. Vuto lake imamwa petulo kwambiri, imafuka utsi, komanso petulo wake amafunika kuthiramo oyilo. Four-stroke ndi yolemera, koma mafuta imasunga.

Tsono msodzi agule iti? Ayang'ane boti lake kaye. Injini yaing'ono pa boti lamatabwa lodzaza ukonde wa chilimira ndi usipa imalephera kulimbana ndi mafunde Mwera ukayamba, ndipo pamenepo miyoyo ili pachiswe. Yokulitsitsa nayonso imalemeretsa boti kumbuyo n'kumatha ndalama pa petulo. Musaganize kuti mukachotsa 15 n'kuikapo 30 ndiye kuti liwiro liwirikiza kawiri, ayi. Boti likamathamanga, madzi nawonso amalikaniza kwambiri.

Ndiye wina akamadzitama ndi nambala ya pa injini yake, mufunseni: boti lako ndi lalikulu bwanji, nanga limanyamula chiyani?